Zolemba za ulendo wa ku India: kuchokera ku Kolkata mpaka ku Amritsar

Lachiwiri, Kolkata

Abale anga ndafika bwino ku Kolkata. Maphunziro athu a ulimi wa mpunga aja anatha sabata yathayi, anzanga a ku Ghana ndi Tanzania anakwera kale ndege, ine nde ndinapempha kuti tikiti yanga ayikankhire kutsogolo pang'ono chifukwa kubwera dziko lino nkungoona kalasi ndi minda yoyeserera basi mtima sukanalola. Amene andilandira ndi bambo ena a konkuno ku West Bengal omwe tinali nawo kalasi imodzi, nawonso ndi alangizi ngati ine ndemwe, ndi aakulu kwa ine ndiye ndizingowatchula kuti achimwene.

Mzinda uno anthu ndi ochuluka zosaneneka, mataxi achikasu akalekale, mabasi, mahutala osalekeza, ndipo pakona iliyonse pali munthu akuphika tiyi wa mkaka ndi jinja nkumakuthirira mkakapu kadothi, ukamaliza kumwa umangokataya. Masana tinapita ku Victoria Memorial, chinyumba choyera mbee cha mwala wochokera ku Makrana komwenso kunachokera mwala wa Taj Mahal. Anaganiza zochimanga ndi bwanamkubwa Lord Curzon mfumukazi Victoria itamwalira mu 1901, nkudzachitsegula mu 1921. Kukongola nde nkokongoladi, sindinganame. Koma achimwene atandiuza kuti ndalama zomangira zinasonkhedwa kwa mafumu ndi anthu a India omwe, funso langa linali limodzi, nanga mafumuwo ankazitenga kwa ndani? Iwo anangoyankha kuti mawa ndikakuonetsa.

Mkatimo muli chiboliboli cha Robert Clive, mkulu wa asilikali a kampani ya Angelezi ya East India Company, ndipo nkhani yonse imayambira pa iyeyu. East India Company inakhazikitsidwa ku London mu 1600, ankabwera kudzagula tsabola ndi nsalu nkumapempha chilolezo kwa mafumu a kuno ngati wamalonda wina aliyense. Mu 1757 Clive anagonjetsa mfumu ya Bengal, Siraj ud-Daulah, pa Plassey, koma anali atagula kale mkulu wa asilikali a mfumuyo, Mir Jafar, yemwe tsiku la nkhondo anangoima ndi gulu lake nkumaonerera. Pofika 1765 kampani ija inapatsidwa mphamvu yotolera msonkho ku Bengal, Bihar ndi Orissa. Taganizani anthuni, kampani ya anthu a masheya okhala kutsidya la nyanja ndiyo izitolera msonkho kwa alimi mamiliyoni. Kuyambira pamenepo ankatenga ndalama kwa mlimi wa ku Bengal nkugulira nsalu kwa woluka wa ku Bengal komweko nkupakira msitima zapamadzi. Pasanathe zaka zisanu mvula inavuta, njala ya 1770 inapha anthu omwe ambiri amati anafika 10 miliyoni, munthu mmodzi pa atatu aliwonse, koma Warren Hastings, bwanamkubwa wa kampaniyo ku Bengal, analemba yekha kuti msonkho omwe anatolera mu 1771 unaposa wa 1768. Zimenezi zandiwawa mpaka pano ndikulemba.

Lachitatu, kumudzi ku Nadia

Lero nde ndafika kumene mtima wanga unali. Tinakwera sitima ya mmawa pa Sealdah kulowera ku Krishnanagar, kenako kangolo koyendera batire mpaka kwawo kwa achimwene. Ino ndi nyengo yokolola mpunga wa mvula, minda yonse yafiira, amayi ndi abambo awerama ndi zikwakwa akumanga mitolo, pafupifupi khomo lililonse lili ndi dziwe la nsomba, nthochi mbali iyi, milu ya timitengo ta jute ataiimika kuti iume mbali inayo. Jute ndi amene amapangira ziguduli zomwe timakulungira mabelo a fodya kwathu zija. Ndinatapa dothi nkulifinya mmanja, lonona bwino, lomwe mitsinje yakhala ikuunjika kuyambira kale. Munthu wodziwa ulimi ukaona nthaka iyi ndi madzi awa umazunguzika mutu kumva kuti kuno anthu anafapo ndi njala mamiliyoni, kangapo konse.

Anandiperekeza kukaona bwinja la fakitale ya indigo, mbewu yomwe ankapangira utoto wabuluu wonyikira nsalu. Kwatsala makoma a njerwa omwe mizu ya mitengo yawang'amba, ndi maenje omangidwa ndi njerwa momwe ankaviikamo masamba, pano mbuzi ndi zomwe zimagonamo. Achimwene anandifotokozera mwatsatanetsatane. Mu 1793 Lord Cornwallis anakhazikitsa lamulo loti anthu omwe ankangotolera msonkho, otchedwa zamindar, akhale eni malo, ndipo azipereka ku kampani ndalama yosasintha chaka ndi chaka, mvula igwe isagwe. Tsiku lolipira likafika dzuwa nkulowa asanapereke, malo ankagulitsidwa pa okushoni. Nde zamindar ankafinya mlimi kuti iye apulumuke, mlimi uja nkusanduka wobwereka pa munda womwe makolo ake anaulima. Kenako kunabwera azungu a indigo, ankapatsa mlimi kangongole patsogolo nkumukakamiza kubzala indigo pa gawo labwino kwambiri la munda mmalo mwa mpunga, mtengo ankadula okha, ngongole siinkatha, bambo akamwalira inkagwera mwana, wokana ankakwapulidwa kapena kutsekeredwa mfakitale momwemu. Anzanga a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu mwamva kale kuti akufanana ndi thangata amene agogo athu anamuona mmaesiteti, wolamulira anali mmodzi yemweyo. Alimi a kuno ku Nadia ndi omwe anayamba kukana mu 1859, mudzi ndi mudzi anagwirizana kuti indigo sitibzalanso, mpaka boma linakhazikitsa komishoni mu 1860. Koma ku Champaran ku Bihar mchitidwewu unapitirira, mlimi ankayenera kubzala indigo magawo 3 pa magawo 20 a munda wake, mpaka mlimi wina, Raj Kumar Shukla, anamuumirira Gandhi kuti apiteko mu 1917.

Za nsalu nazo zake nzomvetsa chisoni. Bengal ankadziwika dziko lonse ndi nsalu zopyapyala za ku Dhaka, ndipo akatswiri a mbiri ya chuma amati cha mma 1750 India ankapanga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a katundu yense wopangidwa pa dziko lapansi, pofika 1900 zinali zitatsika kufika pa 2 peresenti. Britain inaletsa nsalu zambiri za ku India kulowa kwawo kuti ateteze oluka awo, mafakitale a ku Manchester atalimba anayamba kutenga thonje kuno nkubweretsa nsalu zotchipa. Zili ngati munthu kukulanda nkhuku kenako nkumadzakugulitsa mazira ake. Oluka ambiri anabwerera kukapanikizana mminda.

Madzulo tinadya mpunga ndi nsomba ndi mphodza titakhala pansi, ndipo agogo awo aakazi a achimwene, okalamba kwambiri, anali nafe. Ndinaona akutola timbewu ta mpunga tomwe tagwa mmbali mwa mbale kamodzikamodzi nkumaika mkamwa. Mu 1943 anali kamtsikana. Achimwene ankatanthauzira, agogo akuti anthu ankachoka mmidzi wapansi kulowera mtauni, usiku umangomva mawu pakhomo, ndipo sankapempha mpunga ayi chifukwa ankadziwa kuti palibe angawapatse, ankapempha madzi okhetsa mu mpunga wophika aja. Mayi awo ankasunga madziwo mumphika nkukaika panja. Mmawa ena mwa opemphawo ankapezeka atauma mmbali mwa msewu. Ndinawafunsa kuti agogo, nanga kumunda kunalibe kanthu? Akuti mwana wanga mpunga unalipo, koma mtengo wake.

Zoona mu 1942 kunagwa namondwe ku Midnapore ndipo mpunga unagwidwa ndi matenda a mawanga ofiirira pamasamba omwe tinaphunzira sabata yatha yomweyi. Komanso Japan italanda Burma mpunga wa kumeneko unasiya kubwera. Koma boma la atsamunda poopa kuti a Japan alowa linalanda ndi kuphwanya mabwato zikwizikwi mmaboma a mmbali mwa nyanja, mdziko lomwe bwato ndiye msewu, nkuchotsanso mpunga mmadera amenewo. Zigawo zina zinaletsedwa kutumiza chakudya ku Bengal, chomwe chinalipo chinkayamba chapita kwa asilikali ndi ogwira ntchito za nkhondo mu Calcutta (dzina lakale la Kolkata), mitengo inakwera kangapo, ndipo nduna za Churchill ku London zinakana kupereka sitima zokwanira zobweretsa tirigu ngakhale akuluakulu awo omwe a kuno ankapempha. Anafa anthu pakati pa 2 ndi 3 miliyoni, ambiri asodzi, aganyu ndi amisiri a mmidzi. Katswiri wa zachuma Amartya Sen, yemwe anaona njalayi ali mwana nkudzalandira Nobel mu 1998, anaonetsa kuti chakudya sichinachepe mofika popha anthu onsewo, chinasowa ndi mphamvu yogulira. Chilandirireni ufulu India sanaonenso njala yopha anthu chonchi.

Lachinayi, pa mtsinje wa Hooghly

Usiku sindinagone bwino. Mmawa tabwerera mtauni nkukwera boti pa Hooghly, mlatho wa Howrah uli pamwamba pathu, mmbali mwa mtsinje mukuoneka machumuni a mafakitale akale a jute, ambiri anali a anthu a ku Dundee ku Scotland. Achimwene analoza chakumunsi ku Garden Reach nkunena kuti kumeneko nkomwe kunali misasa yosungirako anthu odikira sitima zapamadzi. Ukapolo utathetsedwa mmaiko a Britain mu 1834 eni minda ya nzimbe anasowa antchito, nde anatembenukira kuno. Amphawi a ku Bihar ndi madera oyandikana nawo, omwe msonkho ndi ngongole zinawachotsa mminda, ankadinda chala pa pepala la zaka zisanu lomwe sankatha kuwerenga, nkupita ku Mauritius, Guyana, Trinidad, Natal kuyambira 1860, Fiji kuyambira 1879. Anapita oposa 1 miliyoni mpaka kulemba anthuku kunaimitsidwa mu 1917, ndipo ambiri sanabwererenso. Amwenye ambiri a ku Durban makolo awo anapita choncho, kukadula nzimbe. Enanso pafupifupi 32,000 anatengedwa kukamanga njanji yochokera ku Mombasa. A kwathu a masitolo a ku Limbe njira yawo inali ina, ambiri anachokera ku Gujarat ngati amalonda, koma ndi ufumu womwewo umene unatsegula njirayo nkuwaika pakati pa mzungu ndi ife.

Achimwene andiperekeza pa siteshoni ya Howrah, agogo anandimangira kaphukusi ka mpunga wokazinga. Ndakwera sitima ya Rajdhani yopita ku Delhi, mdima kuno ukugwa msanga, netiweki ikuduladula.

Lachisanu, msitima

Kwacha tili ku Uttar Pradesh, chifunga chili tolo, minda ya mpiru ndi tirigu wongomera kumene. Moyang'anizana nane muli bambo ena opuma pantchito omwe anali injiniya, aulemu kwambiri, atamva zomwe ndakhala ndikuona anati mwana wanga usaiwale kuti sitima wakwerayi anayambitsa ndi Angelezi, komanso iwe ndi ine tikumvana chifukwa cha chilankhulo chawo. Anawonjezera kuti kusankhana mitundu kwa caste sanabweretse ndi mzungu, ndipo mwambo wootcha mkazi wamasiye pamodzi ndi mtembo wa mwamuna wake unaletsedwa mu 1829 pansi pa ulamuliro wawo, Mmwenye wa ku Bengal Ram Mohan Roy atalimbikira.

Ndinawayankha kuti bambo zimenezo sindikutsutsa, ndipo sindikutsutsadi. Njanji ilipo, sitima yoyamba ya anthu inayenda mu 1853 kuchoka Bombay kupita Thane. Koma makampani a ku Britain omwe ankamanga analonjezedwa phindu la 5 peresenti chaka chilichonse, njanji ipindule isapindule, ndipo ikalephera ndalamayo inkachokera ku msonkho wa India. Mizere yake yambiri inkachoka kumene kuli thonje, tirigu ndi malasha kulowera kudoko. Pa njala ya 1876 mpaka 1878 yomwe inapha anthu oposa 5 miliyoni kummwera ndi kumadzulo, tirigu ankatulukabe kupita ku Britain chifukwa bwanamkubwa Lord Lytton sankafuna kuti boma lilowerere pa msika. Apa bambo aja anagwedeza mutu nkuwonjezera okha kuti Dadabhai Naoroji, mtsogoleri wa ndale wa ku India, anawerengetsa kalekale chuma chomwe chinkatuluka chaka ndi chaka, malipiro ndi mapenshoni a mabwana, chiwongoladzanja, ndalama za nkhondo zomenyedwa kwina, zonse pamsana pa India. Anatinso azungu pochoka munthu wa kuno ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 32 zokha, ndipo kalembera wa 1951 anapeza kuti odziwa kuwerenga anali 18 pa 100 aliwonse. Ine maganizo anga ndi oti anthu omwe analamulira zaka pafupifupi 200 akanakhala kuti anabwera kudzatukula anthu, sukulu ya mmudzi ndi nkhokwe ya chakudya zikanabwera patsogolo.

China chomwe anandiuza chandikhudza ngati mlangizi. Chakuno kunkadutsa mpanda wa minga, wobzala ndi wouma, mbali ya mzere wa kasitomu wotalika makilomita pafupifupi 4,000 wokhala ndi alonda zikwizikwi, ntchito yake kuletsa anthu kudutsa ndi mchere wosalipira msonkho. Anausiya mu 1879 koma msonkho wa mchere unatsala. Mchere abale, chinthu chomwe mmphawi ndi ng'ombe yake sangakhale opanda. Nchifukwa chake Gandhi mu 1930 anayenda wapansi makilomita pafupifupi 385 kuchoka ku Sabarmati kukafika ku Dandi kukangotola mchere pagombe, ndipo anthu pafupifupi 60,000 anamangidwa pa nkhani imeneyi.

Loweruka, Delhi

Utsi wa mu Delhi nyengo ino ndi woopsa, maso akuyabwa, ena akuti ukuchokera kwa alimi a ku Punjab ndi Haryana omwe akuotcha mapesi a mpunga kuti abzale tirigu msanga, ena akuti ndi magalimoto, ndagula kansalu kotseka pamphuno. Ndinayambira ku Red Fort. Ukalowa umaona nyumba zokongola za mafumu a Mughal zochepa chabe, pambali pake pali zinyumba zazitali za asilikali a Britain. Asilikali a chi India atagalukira kampani mu 1857 kuyambira ku Meerut anabwera kuno nkukweza mfumu yokalamba Bahadur Shah Zafar kuti iwatsogolere. Kunaphedwa anthu mbali zonse, akazi ndi ana a azungu nawonso anaphedwa, izi ndi zoona. Koma kubwezera kwake kunapyola muyeso, anthu anapachikidwa mmitengo osazengedwa mlandu, ena kumangiriridwa kukamwa kwa mizinga, anthu a mu Delhi anathamangitsidwa mumzinda, ana awiri ndi mdzukulu wa mfumu anawomberedwa ndi msilikali wa Britain William Hodson atadzipereka kale, mfumuyo anaizenga mlandu mnyumba mwake momwe nkuipititsa ku Rangoon komwe inakafera mu 1862. Gawo lalikulu la mkati mwa lingali analigumula. Kuyambira 1858 kampani inachotsedwa, boma la Britain linatenga ulamuliro lokha.

Masana ndinakwera metro kenako njinga yamoto ya matayala atatu kupita ku Coronation Park, alendo sapitako kawirikawiri. Ndi pabwalo pomwe Lytton anachititsa chiphwando chachikulu mu Januwale 1877 cholengeza Victoria kukhala mfumukazi ya India, nthawi yomweyo kummwera anthu akufa ndi njala ija. Pano pali chiboliboli chachitali cha George V chomwe anachichotsa pafupi ndi India Gate, ndi ziboliboli zina za mabwana, anyamata akusewera kiriketi chapafupi.

Pa India Gate palembedwa mayina oposa 13,000 a asilikali. Amwenye oposa 1 miliyoni anatumikira pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pa yachiwiri 2.5 miliyoni. Ndinakumbuka chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles) ku Zomba, ndi azigogo athu omwe anakamenya ku Burma limodzi ndi anthu amenewa. Ana a alimi okhaokha, a kuno ndi a kwathu.

Lamulungu, Amritsar

Sitima ya mmawa, maola ngati asanu ndi limodzi, Punjab yense ndi munda umodzi wosalala, mathirakitala, mapampu, ngalande. Ndinayamba ndalowa ku Golden Temple, umavula nsapato, kutsuka mapazi nkuphimba kumutu, ndipo aliyense amadya ulere pa khitchini yawo yotchedwa langar, tinakhala pansi mmizere, olemera ndi osauka, akutigawira chapati ndi mphodza. Ataona kuti ndine mlendo bambo wina anandisunthira malo nkundionetsa kuti chapati umalandira ndi manja awiri. Anthu a nduwira amenewa, Asikh, ufumu wawo unalandidwa mu 1849, mfumu yawo Duleep Singh ali mwana wa zaka 10 anamusainitsa pepala lopereka dziko pamodzi ndi mwala wa Koh-i-Noor womwe mpaka lero uli ku London. Kenako Britain inawasandutsa asilikali ake, ndipo mu 1891 Harry Johnston anabweretsa asilikali a Chisikh kwathu kudzamenyana ndi mafumu a Chiyao kummwera kwa nyanja. Anthu olandidwa dziko kutumidwa kukalanda la ena.

Kuchoka apo nkuyenda pang'ono ndi pa Jallianwala Bagh. Polowera pake ndi kanjira kopanikiza, ukatambasula manja umatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Pa 13 Epulo 1919, tsiku la Baisakhi lomwe ndi chikondwerero cha zokolola, anthu zikwizikwi anali mbwaloli, ena pa msonkhano wotsutsa lamulo la Rowlatt lomwe linkalola kutsekera munthu popanda mlandu, ena alimi ochokera mmidzi omwe anangobwera kudzapemphera nkudzapuma, osamva nkomwe kuti misonkhano yaletsedwa. Mkulu wa asilikali Reginald Dyer analowa pakanjira aka ndi asilikali 50 a mfuti, sanachenjeze, analamula kuwombera ndipo ankalozetsa komwe anthu aunjikana pofuna kuthawa. Mphindi pafupifupi 10, zipolopolo 1,650. Boma linati anafa ndi 379, a chipani cha Amwenye cha Congress anati oposa 1,000. Ovulala anasiyidwa pompo usiku wonse chifukwa kunali lamulo loletsa kuyenda. Atafunsidwa ndi komishoni ya Hunter, Dyer anavomera kuti magalimoto ake a mfuti zazikulu akanakwana pakanjirako mwina akanazigwiritsa ntchito.

Mabowo a zipolopolo akadalipo pakhoma la njerwa, awazunguliza ndi penti yoyera, ena ali mmwamba pomwe anthu ankakwera kuti adumphe. Pali chitsime chomwe anthu ankadziponyamo, chikwangwani chikuti munatulutsidwa mitembo 120. Ndinaima pamenepo misozi ikutuluka, pafupi nane mayi wina akuwerengera mwana wake chikwangwanicho. Chomwe chikundipweteka kwambiri nchoti Dyer atachotsedwa ntchito, nyuzipepala ya Morning Post ku London inamusonkhera mapaundi oposa 26,000. Wolemba ndakatulo wa ku Bengal Rabindranath Tagore anabweza ulemu wa Sir womwe anamupatsa. David Cameron ali nduna yaikulu ya Britain anafika pano mu 2013, Theresa May yemwe anamulowa mmalo mu 2019 anati akumva chisoni, koma kupepesa kwenikweni boma la Britain silinapepesebe. Ife a 3 Malichi tikudziwa zomwe zinachitika pa doko la Nkhata Bay mu 1959, nde pano sindinadzimve mlendo.

Lolemba, Attari

Dzulo lomwelo ndinalowanso mu Partition Museum ku Town Hall koma mphamvu zolembera zinali zitatha. Ndi myuziyamu ya kugawidwa kwa dziko mu 1947, anaitsegula mu 2017, ndipo zambiri zomwe zilimo ndi katundu yemwe mabanja anathawa naye, mabokosi achitsulo, miphika, zovala za ukwati, makalata, ndi mawu a okalamba ojambulidwa akufotokoza okha. Atsogoleri a kuno, a Congress ndi a Muslim League, ali ndi gawo lawo pa mlandu umenewu, ndipo omwe ankaphana anali anthu oyandikana nyumba. Koma Britain ndi yomwe kuyambira 1909 inakhazikitsa zoti Asilamu azivota paokha, nkumakuza mpatawo pomwe zinkawakomera. Kenako pochoka anachoka mothamanga, bwanamkubwa Mountbatten anabweza tsiku kuchoka mu Juni 1948 kufika Ogasiti 1947, ndipo wojambula malire, loya Cyril Radcliffe, anali asanapondepo ku India, anapatsidwa masabata asanu okha. Malirewo analengezedwa pa 17 Ogasiti, ufulu utaperekedwa kale, kutanthauza kuti midzi ina inakondwerera isakudziwa kuti ili dziko liti. Anthu pafupifupi 15 miliyoni anasamuka, akufa amati kuyambira mazana a zikwi mpaka kupyola 1 miliyoni, akazi zikwizikwi anabedwa, sitima zinkafika pa siteshoni ya Amritsar ndi ya Lahore zitadzaza mitembo.

Woyendetsa taxi yomwe yandipititsa ku malire lero ndi mnyamata wa Chisikh, akuti agogo ake anali ndi munda ku Lyallpur, pano ndi Faisalabad ku Pakistan. Amenewo ndi madera omwe Angelezi anakumba ngalande zothirira kuyambira mma 1880 nkugawa malo, makamaka kwa mabanja a asilikali ndi omwe ankawakhulupirira, chipululu nkusanduka nkhokwe ya tirigu ndi thonje. Ngalandezo ndi ntchito yabwino ndithu, ndaziona ndi maso ndipo ndazisirira. Koma cholembera cha Radcliffe chinadula pakati, zotsekera madzi zina zinatsala mbali ino minda ili mbali inayo, mpaka mu 1948 madzi opita ku Lahore anatsekedwa kwa kanthawi, ndipo pangano la madzi a Indus linadzasainidwa mu 1960. Ku Bengal nako chimodzimodzi, minda yambiri ya jute inagwera ku East Pakistan, pano Bangladesh, mafakitale aja ndinawaona pa Hooghly nkutsala ku India. Agogo a mnyamatayu akuti anabwera pa ngolo ya ng'ombe mu mdipiti wa anthu wotalika makilomita ambiri, tirigu anamusiya mnkhokwe, anatseka chitseko nkutenga kiyi poganiza kuti zikazizira abwerera. Ndinamufunsa kuti achimwene inuyo munapitako kukaona? Akuti visa yake ndi yovuta, pomwe Lahore ali pa makilomita 50 okha kuchokera ku Amritsar.

Pa Attari madzulo aliwonse pamakhala mwambo wotsitsa mbendera, asilikali a India mbali ino a Pakistan mbali inayo, kuponda mwamphamvu, kukweza miyendo mpaka kumutu, anthu zikwi akukuwa ndi nyimbo pa zimkuzamawu. Ambiri anasangalala, ine zinandivuta kukuwa nawo nditaona za dzulo zija. Pobwerera ndinapempha mnyamata uja aime pang'ono ndione minda ya mmbali mwa waya wa malire, tirigu wamera bwino mizere yowongoka, ndipo akuti alimi ena minda yawo ili kuseri kwa waya, amalowa pageti ndi chiphaso nthawi yoikika, asilikali akuwayang'anira, nkutuluka dzuwa lisanalowe. Ndinafuna kucheza ndi mmodzi za kathiriridwe kawo koma nthawi inali itatha ndipo malo ake salola kuima nthawi yaitali.

Mawa mmawa ndikwera sitima kubwerera ku Delhi, ndege ndi ya usiku kudzera ku Addis Ababa. Achimwene a ku Nadia aimba foni kufunsa ngati ndayenda bwino, akuti mpunga wa pa munda wa agogo amaliza kumweta lero, ayamba kupuntha Lachinayi.